SWAUMU NDI WODWALA AMENE SAONEKA KUDWALA



Tikuyamika Allah (S.W.T.) amene watisunga ndi moyo kufikira mwezi wina wa Ramadhani, ndipo tikupempha kuti madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki wathu Muhammad (S.A.W.), akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Anthu amene aloledwa kumasula m'mwezi uno mumawadziwa: wodwala, wa paulendo, nkhalamba, mayi wapakati ndi woyamwitsa. Mukamva mau akuti wodwala, mumaganiza za munthu wa malungo, wa shuga kapena wa zilonda za m'mimba. Phunziro lino likunena za wodwala wina amene ambiri a ife sitimuwerengera, pakuti sagona pamphasa, sabuula, ndipo m'mwezi uno amaoneka ngati ndiye wolimbika pa dini kuposa onse m'nyumba. Ameneyu ndi munthu amene wanyansidwa ndi thupi lake mpaka chakudya chasanduka mdani wake. Kawirikawiri amakhala mtsikana wongotha msinkhu kumene kapena mayi wachitsikana, koma anyamata ndi anthu aakulu nawonso amadwala.

Matendawa ndi otani?

Madokotala amawagawa m'mitundu ingapo, koma pano titchula itatu. Woyamba ndi anorexia nervosa, dzina limene dokotala wa ku London, William Gull, adapereka m'chaka cha 1873. Wodwala amadzimana chakudya mwadala kaamba ka mantha aakulu a kunenepa. Amaonda mpaka nthiti kuwerengeka, koma akadziyang'ana pagalasi amaona munthu wonenepa, ndipo inu mukamdandaula kuti waonda, iye mumtima amakondwa. Amamva kuzizira ngakhale mu Okutobala ku Mangochi, tsitsi limathothoka, mtima umagunda pang'onopang'ono, mafupa amafooka, ndipo ngati ali mtsikana amaleka kupita kumwezi. Mwa matenda onse a maganizo, awa ali m'gulu la amene amapha anthu kwambiri.

Wachiwiri ndi bulimia nervosa, umene dokotala wina wa ku London komweko, Gerald Russell, adaufotokoza mu 1979. Apa munthu amadya chakudya chambiri nthawi imodzi, mobisa ndi mofulumira, osatha kudziletsa. Akatha amagwidwa ndi manyazi, napita kukadzisanzitsa kapena kumwa mankhwala otsegula m'mimba. Thupi lake silisintha kwenikweni, nchifukwa chake angathe kudwala zaka zambiri a m'nyumba osadziwa. Koma mano amadyeka ndi asidi wa m'mimba, masaya amatupa cha m'munsi mwa makutu, ndipo kuseri kwa zala kumakhala zipsera zolumidwa ndi mano. Choopsa koposa nchakuti kusanza ndi kutsegula m'mimba kumachotsa mchere wina wa m'magazi wotchedwa potassium, umene mtima umaudalira kuti ugunde bwino. Ukachepa kwambiri, mtima ungathe kuima mwadzidzidzi.

Wachitatu ndi kudya kopanda malire komweko koma popanda kudzisanzitsa. Munthu wotere timangomutcha wadyera kapena wosusuka, pamene iye akulira yekha usiku. Madokotala a maganizo a ku America adaulemba ngati matenda paokha mu 2013.

Mwina mukuti, “Aa, zimenezo ndi za azungu. Kuno kunyanja mkazi wokongola ndi wojintcha.” Imvani zimene zidachitika ku Fiji, zilumba za m'nyanja ya Pacific. Anthu akumeneko nawonso ankatama thupi lodzadza ndiponso munthu wodya bwino, monga timachitira ife. Wailesi ya kanema idafika m'dera lina la kumeneko mu 1995, ndipo dokotala Anne Becker ndi anzake adafunsa atsikana a sukulu chaka chomwecho, nabwereranso mu 1998. Poyamba panalibe ndi mmodzi yemwe amene adati amadzisanzitsa kuti asanenepe. Patapita zaka zitatu, atsikana 11 mwa 100 aliwonse adavomera kuti amatero. Tsono ife lero kanema tamuika m'manja mwa mwana. Pa foni, pa Facebook ndi pa TikTok, mtsikana wa ku Salima kapena ku Nkhotakota amaona matupi a anthu ena mazanamazana asanagone, ambiri mwa iwo zithunzi zake zokonzedwa ndi makina.

Kwathu kuno vutoli limabweranso chambuyo. Popeza munthu woonda amanenedwa kuti ndi wodwala kapena wosauka, alipo atsikana amene amagula mapilitsi ndi mankhwala akumwa oti anenepe kapena akule mbina. Ena mwa mankhwalawa ndi a dexamethasone, amene amatupitsa nkhope, kukweza shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndi kufooketsa mafupa. Amene akudzimana chakudya ndi amene akumwa mapilitsi onenepetsa akudwala pamalo amodzi: onse akhulupirira kuti mtengo wao uli pa maonekedwe a thupi.

Chifukwa chake tikunena izi m'mwezi uno

Ramadhani siyambitsa matendawa, ndipo munthu wathanzi amafunga mwezi wonse osavulala. Koma kwa amene wadwala kale, mwezi uno ndi chitenje chabwino chofundira. M'miyezi ina mwana akakana nsima ya masana, mayi amafunsa. Mu Ramadhani palibe wofunsa, ndipo azakhali akabwera amayamikira kuti mwana uyu ngwa Mulungu.

Penyetsetsani tsono, inu mayi ndi inu bambo. Kodi alipo m'nyumba mwanu amene amadzuka nanu pa dakwi koma nkungomwa madzi? Amene magharibi ikakwana amadya tende imodzi, nati ndakhuta? Amene amatanganidwa kuphikira onse futali, mpunga ndi chambo, nkumakakamiza ena kuti awonjezere, iye osakhala pansi? Amene akangotha kudya amathamangira kuchimbudzi tsiku ndi tsiku, kapena amene mumampeza pakati pa usiku akumaliza zotsala zonse mumphika mumdima? Alipo mtsikana amene sadya masana ngakhale m'masiku amene Shariya yamletsa kufunga? Nanga Idi itapita chaka chatha, alipo amene adalumikiza masiku 6 a Shawwal, Lolemba, Lachinayi, masiku a pakati pa mwezi, osalekeza, kwinaku akuondabe? Chizindikiro chimodzi sichikwanira kuweruzira, koma zikakumana ziwiri zitatu, musadikire Ramadhani ithe.

Kwa wa bulimia mwezi uno ndi wolemetsa mwa njira yake. Kuno kwathu timafunga maola pafupifupi 13 kapena 14, kenaka chakudya chonse chimabwera nthawi imodzi. Njala yaitali yotsatidwa ndi mbale zodzadza ndiyo imene imadzutsa kudya kosadziletsa kuja, ndipo kusanza kumatsatira.

Zimene dini yathu ikunena

Swaumu idalamulidwa m'chaka chachiwiri cha Hijra, chimene ndi 624, ndipo ndime zomwezo zimene zidailamula, Surat Al-Baqarah 183 mpaka 185, ndi zimene zidapereka chilolezo kwa wodwala kuti adzabweze masiku ena. Ndime 185 ikutiphunzitsa kuti chifuniro cha Allah pa ife ndi kupeputsa. Ndimezi sizidasankhe kuti matenda a m'mimba okha ndiwo matenda, a m'maganizo ai. Ma ulama adalongosola kuti ngati kufunga kungawonjezere matenda kapena kuchedwetsa kuchira, munthu waloledwa kumasula. Ndipo ngati kungaike moyo pachiswe, kumasula kumakhala kokakamizidwa, pakuti ndime 195 ya Sura yomweyo ikuletsa kudziponya m'chionongeko ndi manja athu. Amene amanena ngati swaumu ingavulaze wodwala ndi dokotala wodalirika. Shehe amapereka chilamulo atamva mau a dokotalayo.

Palinso nkhani ya niya. Ambiri a ife kuno timatsata mazihabu a Imam Shafi'i, ndipo timachita niya usiku uliwonse. Inu amene mukuwerenga, ngati nkhaniyi ikukukhudzani, dzifunseni moona pamene mukuchita niya: kodi ndikufungira Allah kapena ndikufungira sikelo? Akadakhala kuti swaumu imanenepetsa, ndikadailakalaka chonchi? Sitikufunsa izi kuti tikuchititseni manyazi. Matendawa ndi akuba, amaloweranso pakhomo la ibada, ndipo mwina inu nomwe simungathe kusiyanitsa mau a imani ndi mau a matenda. Nchifukwa chake chiweruzo chakuti mufunge kapena ai sichiyenera kusiyidwa m'manja mwanu nokha.

Mtumiki (S.A.W.) sadatame munthu wodzizunza ndi njala. Adaletsa maswahaba kulumikiza swaumu usana ndi usiku osamasula. Adatilimbikitsa kufulumira kumasula dzuwa likangolowa ndi kuchedwetsa dakwi, natiuza kuti m'chakudya cha dakwi muli madalitso. Abdullah bin Amr bin Al-As (R.A.) ali mnyamata adatsimikiza kufunga tsiku lililonse ndi kuswali usiku wonse. Mtumiki atamva adamuitana, namuuza kuti masiku atatu pamwezi akwanira. Abdullah adati angathe zoposa pamenepo, ndipo adakambirana mpaka kufika pa swaumu ya Mneneri Daud (A.S.), ya kufunga lero ndi kudya mawa, koma Mtumiki sadalole kupitirira apo. Adamkumbutsa kuti thupi lake, maso ake ndi mkazi wake zili ndi gawo lao pa iye. Abdullah atakalamba ankadandaula kuti bwenzi atalandira chopepuka chija. Ngati Mtumiki adabweza mnyamata wamphamvu amene niya yake inali yoyera, nanga mwana amene mtima wake wafooka kale ndi njala?

Za kusanza, lamulo nlodziwika: amene wasanza mosafuna swaumu yake ili bwino, amene wadzisanzitsa dala masana swaumu yake yaonongeka ndipo adzabweza tsikulo. Kudzisanzitsa usiku sikuononga swaumu, koma kumaononga thupi limene ndi amana ya Allah. Komabe musatenge lamuloli ngati chikoti chokwapulira wodwala. Iye akudziwa kale kuti zimene akuchita nzoipa, ndipo manyazi ndi amene akumtsekera pakamwa.

Chithandizo chake

Yambani ndi chipatala cha pafupi. Kuonda kuli ndi zifukwa zambiri, monga TB, shuga, HIV, njoka za m'mimba ndi matenda a chithokomiro, ndipo izi ziyenera kupimidwa poyamba. Koma mukafika musangoti mwana sakudya. Nenani zonse: kuti amaopa kunenepa, kuti amadzisanzitsa, kuti waleka kupita kumwezi, kuti amamwa mankhwala akutiakuti. Pemphani kuonana ndi namwino kapena dokotala wa matenda a maganizo pa chipatala cha boma cha m'boma lanu. Zikafunika adzakutumizani kwa akatswiri, monga a ku Zomba Mental Hospital, a ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kapena a St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Tikudziwa kuti ena mukangomva za Zomba mumtima mumati mwana wanga si wamisala. Inde si wamisala, ndipo ambiri amene amathandizidwa ndi madokotala amenewa si amisala. Ena mudzaganiza za majini kapena kulodzedwa. Muwerengereni Qur'an, mpempherereni dua, zonsezo nzabwino, koma Mtumiki yemweyo amene adatiphunzitsa dua adatilamulanso kufuna mankhwala. Chitani zonse ziwiri sabata yomweyo.

Musadikire mawa ngati wodwala wakomoka, akumva kupweteka pachifuwa, mtima ukugunda mosalongosoka, wasanza magazi, akukana ndi madzi omwe, kapena akunena zofuna kudzipha. Amasule nthawi yomweyo ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo. Chenjezo lina ndi ili: munthu amene wakhala masabata osadya mokwanira musamdzadzire mbale mwadzidzidzi ati kuti abwerere msanga. Chakudya chambiri chikalowa m'thupi lotere chimagwetsa michere ya m'magazi, makamaka phosphate, ndipo mtima ungathe kulephera. Wofooka kwambiri ayenera kuyamba kudya moyang'aniridwa ndi achipatala.

Kwa ana ndi achinyamata a anorexia, njira imene yaonetsa kuthandiza koposa idayambira pa chipatala cha Maudsley ku London m'zaka za m'ma 1980, ndipo mankhwala ake enieni ndi makolo. Mlangizi sawaimba mlandu makolo, ndiponso samuimba mlandu mwana. Amawaphunzitsa kuti kwa kanthawi iwo ndiwo asankhe chimene mwana adye, kuchuluka kwake ndi nthawi yake, monga momwe angachitire ndi mapilitsi a malungo. Mayi kapena bambo amakhala naye pamphasa mpaka amalize, modekha, osakalipa, osanyengerera ndi mphatso, osagonjanso akalira. Akatha amakhalabe naye ngati ola limodzi kuti asapite kukasanza. Thupi likabwerera, ulamuliro wa chakudya umabwezedwa kwa mwana pang'onopang'ono. Pano mwambo wathu wodyera mbale imodzi, ngakhale uli wabwino, umabisa zambiri, pakuti palibe amadziwa kuti wina watema mbamu zingati. Wodwala mpatseni mbale yakeyake, koma adyere pamodzi ndi anzake.

Mudzaona kuti mwana wanu wasanduka waukali, wamakani ndi wabodza pa nkhani ya chakudya. Musafulumire kunena kuti ndi mwano. Mu 1944 ndi 1945, ku Minnesota m'dziko la America, amuna 36 athanzi adadzipereka kuti apimidwe za njala, ndipo kwa miyezi 6 ankalandira pafupifupi theka la chakudya chao. Anthu amene anali bwinobwino adayamba kukwiya msanga, kudzipatula, kuganiza za chakudya usana ndi usiku, ndipo ataloledwa kudya ena adalephera kulekeza. Njala payokha imasintha mutu wa munthu. Motero zambiri mwa zimene mukuziona zidzachepa thupi likayamba kukhuta, ndipo nchifukwa chake kudya kumayamba, uphungu wa maganizo nkumatsatira.

Kwa akuluakulu ndi kwa a bulimia, chithandizo chodziwika ndi kukambirana ndi mlangizi wophunzira, njira imene Christopher Fairburn wa ku Oxford adaikonza bwino. Nthawi zambiri amakumana ngati ka 20 m'miyezi isanu. Wodwala amalemba m'kabuku chimene wadya, nthawi yake ndi zimene zinali mumtima mwake. Amaleka kudzipima pa sikelo tsiku ndi tsiku ndi kudzifufuza pagalasi. Amaphunzira kutsutsa ganizo lakuti ulemu wake uli pa mimba ndi ntchafu. Koma maziko a zonse ndi kudya mwa nthawi: katatu patsiku, ndi kachakudya kochepa kawiri kapena katatu pakati, osadutsa maola anayi m'mimba muli gwa. Yerekezani tsono maola 4 amenewa ndi maola 13 a swaumu. Apa mpamene mungamvetse chifukwa chake madokotala ambiri amaletsa wodwala amene ali pakati pa chithandizo kufunga. Kumfungitsa kuli ngati kumchotsa pulasitala munthu wothyoka mwendo fupa lisanalumikizane. Mapilitsi alipo amene amathandizako a bulimia, monga fluoxetine, koma aperekedwe ndi dokotala. Palibe pilitsi limene palokha limachiza anorexia.

Pakamwa pathu

Abdullah bin Mas'ud (R.A.) anali ndi miyendo yoonda. Tsiku lina adakwera mumtengo kukathyola mswaki, ndipo maswahaba ena ataona miyendoyo adaseka. Mtumiki (S.A.W.) adawafunsa chimene akuseka, nawauza kuti pa sikelo ya tsiku la Qiyama miyendo imeneyo idzalemera kuposa phiri la Uhud. Surat Al-Hujurat ndime 11 ikuletsa kunyozana ndi kuitanana maina oipa, ndipo Surat At-Tin ndime 4 ikutikumbutsa kuti kalengedwe ka munthu nkabwino koposa. Koma tamvani moni wathu wa pa Idi: “Iii, koma wanenepa iwe, ukudya chiyani?” “Waonda bwanji, ukudwala?” “Ndi thupi limeneli adzakukwatira ndani?” Amene wanena amaiwala asanafike kwao. Mwana amene wamva amagona nazo zaka. Agogo, azakhali, amalume ndi inu amuna a m'nyumba, lekani kupima matupi a ana ndi pakamwa, kaya motama kaya monyoza. Ngakhale wodwala akayamba kuchira musamuuze kuti tsopano wayamba kudzadza, pakuti iye amamva kuti wanenepa, ndipo mawa adzabwerera m'mbuyo. Muuzeni kuti mwakondwa kumuona akuseka.

Mukafuna kumfunsa koyamba, musachite pa futari pamaso pa anthu. Mtengereni pambali, munene zimene mwaona, ndi kuti mukuda nkhawa. Angathe kukana kapena kukwiya. Bwererani tsiku lina. Ngati ali mwana wosakwana zaka 18, kupita naye kuchipatala ndi udindo wanu, avomere asavomere.

Kwa inu amene mwauzidwa kuti musafunge

Mwezi uno ndi wanunso. Pitani ku taraweh ngati mphamvu zilipo, werengani Qur'an, perekani sadaka, chulukitsani dua m'masiku 10 omaliza. Chakudya chanu cha m'mawa ndi cha masana idyani m'nyumba, koma musadye nokha. Mayi, mlongo kapena mwamuna wanu akhale nanu pafupi ngakhale iye akufunga. Madzulo khalani pa futari ndi onse, mbale yanu itapimidwa kale monga adanenera achipatala. Anansi akafunsa, a m'nyumba ayankhe mwachidule kuti akudwala ndipo adokotala ndi a shehe akudziwa. Mau oposa apa safunika.

Lembani masiku amene mwamasula. Popeza matendawa ambiri amachira, ngakhale kuti zimatenga miyezi kapena zaka, chimene chili pa inu ndi kudzabweza masikuwo mukachira, ndipo musathamangire kubweza mu Shawwal muno, pakuti kumeneko ndi kubwerera kumene mwachoka. Ngati Ramadhani ina yakupezani mukudwalabe, mulibe tchimo pa kuchedwako. Fidya, imene pa mazihabu a Shafi'i ndi muyezo wa mudd umodzi, ndiye kuti manja awiri odzadza a chakudya cha m'dera monga mpunga kapena chimanga pa tsiku lililonse, ndi ya amene madokotala anena kuti sadzathanso kufunga. Za izi kaonaneni ndi a shehe a pa mzikiti wanu. Chaka chamawa, mwezi wa Shabani ukangooneka, bwererani kwa dokotala wanu pamodzi ndi mmodzi wa a m'nyumba, mukagwirizane ngati mungayambe kufunga, masiku angati, ndiponso zizindikiro zimene zikaoneka mudzamasule.